Makasu Oimirira mu Msitu wa Kanyangala

Ena a inu mukumudziwa Lustiya Kachingwe, mayi uja ankayang'anira za nkhalango ku khonsolo, woyenda pa njinga yamoto yofiira atavala majombo ngakhale m'chilimwe. Sanali munthu wothamangira za mizimu ayi. Wina akamuuza kuti kwakutikwakuti kukuchitika zachilendo, iye ankayamba wafunsa kuti woona zachilendoyo anamwa chiyani. Zimene ndikuuzeni panozi zinamugwera mayi ameneyu, chaka chimene khonsolo inagula msitu wa Kanyangala.

Msituwo kale unali mbali ya esiteti ya fodya ya a Gomile. Mwini wake atamwalira, ulimi unatha, zigafa zinagwa, ndipo mwana wawo wamwamuna, amene ankakhala mumzinda, anagulitsa minda pang'onopang'ono mpaka kunatsala msitu wokha. Munali mombo, tsamba, masuku ndi miwanga, ndipo chakumunsi, pakati pa mitengo ya katope, panali kasupe amene amayambitsa mtsinje womwe anthu onse a pamsika amamwa. Owotcha makala anayamba kuudya msituwo cham'mbali ngati anankafumbwe, madzi a mumtsinje n'kuyamba kuchepa. Ndiye makhansala anakhala pansi, nagwirizana kuti khonsolo igule malowo, iwatchinge ndi waya, pasadulidwenso mtengo ngakhale umodzi.

Tsiku losonyezana malire, mwana wa a Gomile anabwera pa galimoto yake koma sanatsike. Anangotsitsa galasi n'kumaloza ndi chala.

"Achimwene, m'katimo mulibe kanthu kena koti tidziwiretu?" anafunsa Lustiya.

"Mitengo basi, mayi. Mitengo ndi anyani."

"Tiyeni tilowe limodzi mutionetse."

"Aa, ine ndili ndi msonkhano," anatero mkuluyo, galasi n'kukwera.

Ntchito inayamba mvula itangosiya. Khonsolo inalemba alonda awiri: a Dzimbiri, bambo wachikulire amene anapuma ku usilikali, ndi mnzawo Yotamu. Inalembanso aganyu okumba maenje a mizati ndi kukoka waya. Khansala wa deralo, a Chalamanda, ankafunanso kuti m'kati mwa msitu mumangidwe chisakasa chokhala ndi mabenchi, choti ana a sukulu ndi alendo azipumirapo akabwera kudzaona mitengo. Malo ake anasankha yekha Lustiya. Panali pabwalo pena posalala pakati pa msitu, pomwe mitengo inali patalipatali, udzu wake waufupi ngati pali amene amautchetcha.

Kuchokera pabwalo limeneli panali kanjira kotsetsereka mpaka pa kasupe. Poti kasupeyo anayenera kukhala kunja kwa mpanda kuti anthu azitunga, waya anadutsa chopingasa pa kanjirako. Lustiya anaona ndithu kuti kanjirako n'kopondedwa ngati kopita kuchigayo, pomwe kumtunda kwake kulibe mudzi, koma anati n'ka owotcha makala, osaganizirapo zambiri.

Waya atamangidwa pakanjirapo, m'mawa mwake a Dzimbiri anamuimbira foni.

"Mayi, waya wamasulidwa."

"Adula?"

"Ayi, sanadule. Bwerani mudzaone nokha."

Anapeza waya wa pakanjirapo atamasulidwa mbali zonse, atakulungidwa bwinobwino, atakolekedwa pamzati ngati chingwe cha mbuzi. Misomali yake inali itaikidwa pamwala, pamodzi, yosapindika. Wakuba sachita choncho. Wakuba akapeza waya amapita naye. Anazungulira msitu wonse kufuna chitsa chatsopano kapena uvuni wa makala, osapeza kanthu.

Anamanganso. Kutacha, waya ali pamzati. Anamanganso, ulendo uno ndi misomali ikuluikulu, naunjika minga pakanjirapo. Kutacha, waya ali pamzati, minga itakokeredwa pambali. Alonda aja anaganiza zogona pomwepo, msana uli kumzati. Yotamu ananena kuti munthu sanamuone, koma m'bandakucha anamva chitini chikugunda pamwala wa pa kasupe, kenako madzi akulira m'chitinimo, kenako anthu akukwera mtunda, akupuma ngati asenza katundu. A Dzimbiri anangopempha kuti awagulire tochi yowala kwambiri. Atawagulira, anaigwiritsa ntchito usiku umodzi n'kuibweza, nati bola mdima.

"Nanga mwaona chiyani, bambo?" anafunsa Lustiya.

"Sindinati ndaona kanthu, mayi. Ndangoti bola mdima."

Aganyu atayamba kulambula pabwalo paja, zinthu zinawonjezeka. Dzuwa lili paliwombo, ankamva fungo la fodya wouma, lija limatsamwitsa ukalowa m'chigafa, pomwe fodya anasiya kulimidwa kumeneko kalekale. Akamalima, ankamva khasu lina likulira kumbuyo kwawo. Akaima, nalonso liima. Mayi wina anasiya botolo la thobwa pamthunzi, pokalitenga analipeza lopanda kanthu, chotsekera chili chitsekere. Anthu oti ankaimba pokumba maenje a mizati, apa anali duu, akugwira ntchito moyandikana ngati nkhuku pamvula. Ena anayamba kudwala mutu Lolemba lililonse. Lustiya ankawaseka, amvekere, "Mutu wanuwo umadziwa masiku!" Koma naye akafika pabwalopo ankadzipeza akuyankhula chapansipansi, osadziwa kuti akuopa kudzutsa yani.

Kenako makasu anasowa. Aganyu ankawasiya m'kanyumba ka alonda, a Dzimbiri n'kutseka ndi loko, kiyi m'thumba mwawo. Tsiku limenelo loko anali bwinobwino, koma m'kati munalibe khasu ngakhale limodzi. Timakasu ting'onoting'ono tija amabzalira mbande ku nazale natonso palibe.

Khansala Chalamanda anafika atalusa.

"Dzimbiri, kiyi amasunga ndani?"

"Ndine, bwana."

"Waya akamamasulidwa, amakhala pamenepo ndani?"

"Ndine, bwana."

"Ndiye tifunsenso yani? Iwe ukudya ndi anyamata a makala! Mayi Kachingwe, makasu akapanda kupezeka mawa, munthu uyu ntchito yatha, ndipo akagona kupolisi."

A Dzimbiri anali ndi adzukulu amasiye pakhomo, onse akudalira ntchito imeneyi. Anaima chilili ngati ali pa perete. Khansala atapita, anatembenukira kwa Lustiya.

"Mayi, ine chibadwire sindinabepo ngakhale singano. Makasu anuwo ndikudziwa koyambira kuwafuna. Koma ndekha sindipitako."

M'mawa mwake anatsata kanjira kaja anthu awiriwo, mame asanaume. Mbalame zinkalira njira yonse, koma atayandikira pabwalo kunangoti zii.

Makasu onse anali pomwepo. Sanali ataunjikidwa ayi. Lililonse linali litaimirira palokha, mpini utazikidwa m'dothi, chitsulo chili m'mwamba, m'mizere yooneka bwino. Lustiya anayandikira limodzi kuti alizule, ndipo m'pamene anaona kuti patsogolo pa khasulo nthaka yatukuka pang'ono, utali wake wa munthu wogona. Anayang'ana khasu lina: chimodzimodzi. Mvula ya zaka zambiri inali itaitsitsa mitumbirayo kotero kuti ukanatha kudutsapo osadziwa, koma khasu likaima kumutu kwake, diso silinkalakwitsanso. Chakumapeto, pomwe panazikidwa timakasu ta ku nazale, mitumbira yake inali yaifupi, ina yosaposa mkono.

A Dzimbiri anavula chipewa. Lustiya anabweza dzanja lake. Anakumbukira kuti dzana lomweli anakhala pa umodzi wa mitumbirayo n'kumadya chinangwa chophika, makoko n'kumataya pomwepo.

"Zikomo, eni malo," anatero a Dzimbiri chapansipansi. "Sitinadziwe."

Anabwerera chambuyo, osatembenuka mpaka atafika m'mitengo.

Lustiya anafunsafunsa m'midzi yozungulira. Kulikonse ankamuuza kuti manda awo ali kwina, amenewo sawadziwa. Wina ndiye anamulozera kwa mayi Esitere, wogulitsa tiyi pamsika, amene anabadwira pa esiteti. Mayi Esitere anamva nkhaniyo ali chiimire, ketulo ili m'manja. Anaiika pansi, nakhala pabenchi ya makasitomala.

"Ndi anthu athu amenewo," anatero. "Makolo athu anabwera pa lole kuchokera kumwera, kudzakhala matenanti a fodya. Munthu akamwalira, midzi ya kuno sinkatilola kumanda kwawo, akuti ndife obwera. Kwathu n'kutali. Ndiye tinkaika mu msitumo. Mayi anga ali momwemo, ndi mng'ono wanga wakhanda. Esiteti itatha, anthu anakwera lole n'kubwerera. Ine ndinatsala poti ndinali nditakwatiwa."

"Nanga bwanji simunanene titayamba kumanga mpanda?"

"Ndikanene kwa yani, achemwali? Ine kuno mpaka lero amanditchula mwana wa tenanti. Kale ndinkapita ndekha kukazula udzu, koma miyendo inakana. Papita zaka ndisanapondeko."

"Ndiye amatchetcha pamenepaja ndani?"

Mayi Esitere anangotenga kansalu n'kuyamba kupukuta tebulo loti linali loyera kale.

Lustiya anakafotokozera khansala zonse, napempha kuti chisakasa chisamukire kwina. A Chalamanda anaseka.

"Manda opanda mtanda, opanda dzina, opanda mwini? Zimenezo ndi zulu za chiswe, mayi. Makasuwo wazika ndi Dzimbiri pofuna kudzipulumutsa. Ndikudabwa kuti inu munthu wa sukulu mwagwa nazo. Alendo a ku likulu tawaitana kale kudzatsegulira, ndipo giledala yosalaza pabwalopo ikubwera."

"Bwana, ndayankhula ndi munthu amene mayi ake ali pamenepo."

"Khonsolo inagula malo, mayi. Sinagule nkhani za m'nyumba ya tiyi."

Giledala inabweradi, masana dzuwa likuswa mtengo, podzera mumsewu wakale wa mathirakitala. Aganyu onse anakana kukhudza makasu aja, ndiye khansala anawazula yekha n'kumawaponya uku ndi uku. Woyendetsa giledalayo anali bambo wina wa m'tauni, wovala magalasi akuda, amene za msituwu sankadziwapo kanthu. Atafika m'mphepete mwa bwalo anaimitsa, naliza hutala. Analizanso. Kenako anatulutsa mutu.

"Bwana, auzeni anthu awo asunthe kaye."

"Anthu ati?"

"Awo akhala apowo. Ndi ana omwe. Ine sindingayendetse ana ali pansi."

Khansala anayang'ana, Lustiya anayang'ana. Panali udzu ndi dothi basi.

"Yendetsa iwe! Palibe munthu apa!"

Bamboyo anavula magalasi, nayang'anitsitsa. Nkhope yake inasintha pang'onopang'ono. Anazimitsa injini, natsika bwinobwino, n'kuyamba kuyenda kulowera kumsewu, osathamanga, osacheuka. Jekete yake anaisiya pampando.

Injini itazima kunali phee. Khansala anatsegula pakamwa kuti akalipe. Pomwepo wina anatsokomola kumbuyo kwake, pafupi kwambiri, chifuwa chouma cha munthu wokalambira m'chigafa. Wina anatsokomola chakumanzere. Kenako mwana. Onse amene analipo anamva: Lustiya, a Dzimbiri, Yotamu, ndi aganyu amene anaima patali. A Chalamanda sanacheuke. Thukuta lili noninoni, anatola makasu aja limodzilimodzi, n'kuwagoneka bwino m'mphepete mwa bwalo. Atatha anapita kugalimoto yawo osatsanzika munthu.

Lustiya anatsalira kufuna wina woti atulutse giledala, ndipo pochoka kunali kutayamba chisisira. Akudutsa pamsewu wotsata mpanda, atafika pakanjira kaja, njinga yake inazima yokha. Anaiponda, osalira. Anaipondanso. Podzutsa mutu anaona mayi ataima m'kati mwa waya, chitini cha madzi chili pamutu.

Pambuyo pake anthu ankamufunsa Lustiya kuti mayiyo ankaoneka bwanji. Iye ankati nkhope sakuikumbukira, ngakhale anaiyang'ana ndithu. Chimene amakumbukira ndi chitenje cha mtundu uja unasiya kugulitsidwa iye ali mwana, mapazi ong'alukang'aluka, ndi zala zakuda bii ndi utomoni wa fodya.

"Mwaswera bwanji, mayi?" Mawu ake anali a kumwera, monga amayankhulira mayi Esitere.

"Ndaswera bwino, kaya inu?" anayankha Lustiya.

"Taswera. Akuti ndinu amene mwagula malo ano."

"Yagula ndi khonsolo. Ine ndimangoyang'anira."

"Ndiye akapitawo ndinu." Mayiyo anapinda mawondo pang'ono, chitini osagwedera. "Anzanga andituma. Akuti kodi mutichotsa? Ife lole inatisiya, kopita tilibe."

Lustiya analibe mphamvu yolonjeza kanthu m'dzina la khonsolo. Ankadziwanso kuti mawa lomwelo khansala atha kutumiza giledala ina, iye n'kumusamutsira ku ofesi ya kutali. Koma analonjeza.

"Simuchoka. Palibe amene akuchotseni."

"Nanga njira ya kumadzi? Ana amavutika ndi waya."

"Tiikapo chitseko."

"Zikomo." Mayiyo anatchera khutu ngati akumvetsera wina amene ali kumbuyo kwake. "Akutinso nanga ntchito yake? Ife sitinazolowere kukhala pamalo a eni osagwira ntchito. A Gomile ankafuna fodya. A khonsolo akufuna chiyani?"



"Akufuna mitengo. Isadulidwe, isapse. Basi."

"Yokhayo?"

"Yokhayo."

"Chabwino. Ndikawauza."

Lustiya anaweramira njinga, naiponda, inalira nthawi yomweyo. Podzutsanso mutu, pakanjira panali pululu. Ankangomva madzi akugavira m'chitini, kukwera mtunda. Anayendetsa mpaka kunyumba osayang'ana pagalasi, ndipo atafika anakhala pakhonde majombo ali kuphazi mpaka mwamuna wake anatuluka kudzamufunsa ngati wachita ngozi.

M'mawa mwake anapita ku khonsolo atakonzeka kukangana, ngakhale ntchito ithere pomwepo. Koma sanayankhule n'komwe. Khansala Chalamanda ndi amene anayamba kuimirira pamaso pa bwanamkubwa, maso ali psuu ngati munthu amene sanagone, nanena kuti waganiza mofatsa, ndipo waona kuti chisakasa chingakhale bwino pafupi ndi chipata chachikulu, poti kumeneko n'kufupi ndi msewu. Za a Dzimbiri sanazitchulenso, ndipo palibe amene anamukumbutsa.

Pakanjira paja anaikapo kachitseko ka matabwa, kopanda loko. Waya sanamasulidwenso. Lustiya anakatenga mayi Esitere pa njinga yake, napita nawo pabwalo paja pamodzi ndi akulu a mpingo. Mayi Esitere anayenda ndi ndodo pakati pa mitumbira, akutchula maina amene ankawakumbukira, ndipo pamene sankakumbukira ankangoti, "Nanunso muli pano." Atafika pa mayi ake anakhala pansi, nawauza za adzukulu awo, wina ndi wina, ngati akucheza pakhonde.

Chilimwe chitafika pachimake, m'mawa wina, munthu anagogoda pa kanyumba ka alonda. Anali Kamzimbi, mkulu wa owotcha makala, amene a Dzimbiri anamuthamangitsapo kambirimbiri osamugwira. Anagoneka nkhwangwa yake pakhomo, nakhala pansi.

"Tengani iyi. Ine ndasiya."

"Chachitika n'chiyani, achimwene?" anafunsa Lustiya, amene anali atangofika.

"Ndinalowa chakumpoto uko, kumene alonda anu safikako. Ndinasankha muwanga wabwino. Nditakweza nkhwangwa, wina anaigwira kumbuyo. Sanailande ayi, anangoigwira. Ndiye ndinamva mawu, aulemu ndithu, akuti, 'Pepani achimwene, akapitawo anakana.' Kenako anandiperekeza mpaka pawaya. Masamba ouma ankalira mbali zonse ziwiri, ine ndili pakati." Anapukuta nkhope ndi malaya ake. "Mayi, ngati ku nazale kuli ganyu, mundiganizireko. Akapitawo ake sindikuwadziwa, koma sindifuna kukumana nawo."

Lustiya sanamuuze. Anamulemba ganyu yothirira mbande.

Mwezi womwewo osaka mbewa anayatsa tchire la kudambo, mphepo n'kuukankhira moto kumsitu. Alonda anathamanga kukaitana anthu m'midzi, koma pobwera anapeza moto wazima wokha m'mbali mwa waya, mtunda wonse. Pansi panali nthambi zaziwisi zothothoka masamba, zija anthu amapumphunthira moto, zitagonekedwa m'milu yooneka bwino.

Patapita zaka zingapo, mtsinje unadzazanso, ndipo mbiri ya msitu wa Kanyangala inafika ku likulu. Lustiya ndi khansala Chalamanda anaitanidwa ku msonkhano wa makhonsolo onse kuti akafotokozere anzawo mmene amachitira. Lustiya anafotokoza za waya, za nazale, za ana a sukulu amene amabwera kudzabzala mitengo. Atatha, bwana wina wamkulu anakweza dzanja.

"Mayi, zimenezo anzanu onse akuchita, koma misitu yawo ikutha, ena ali ndi alonda ambirimbiri. Inu muli ndi alonda angati?"

Lustiya anayang'ana a Chalamanda. Iwo anali kalikiliki kuwerenga zolembedwa pa botolo la madzi.

"Amene timawalipira ndi awiri, bwana," anayankha Lustiya, nakhala pansi.